NYUMBA 760 PA CITUNDA CA NYANJA YA TAHOE

Lero ndifuna kukusimbirani mlandu wa nyumba umene unacitika ku America. Anthu ena anapempha cilolezo cakuti amange mudzi watsopano wa nyumba 760 m'nkhalango ya pafupi ndi nyanja yochedwa Tahoe. Boma la m'deralo linawaloleza mu 2016, koma mu 2022 bwalo lalikulu la milandu linapeza kuti cilolezoco cinaperekedwa funso limodzi lalikulu lisanayankhidwe. Funso lace linali ili: kodi nyumba zomangidwa kunja kwa malire a nyanja zingathe kuononga nyanjayo? Cherani khutu, tione m'mene anthu a kumeneko anaunikira nkhani imeneyi.

Tiyambe ndi nyanja yomwe. Tahoe iri pamwamba pa mapiri a Sierra Nevada, pa malire a zigawo ziwiri za America, California ndi Nevada. M'litali mwace iri mailosi 22, m'mimba mwace mailosi 12, ndipo pozama koposa pali mapazi 1,645. Eni dziko akale a kumeneko ndiwo a mtundu wa Washoe. Cimene cinabukitsa mbiri ya nyanjayi ndico kuyera kwa madzi ace. Ophunzira a University of California ku Davis amayesa kuyera kumeneku ndi mbale yoyera: amaimanga ku cingwe, naitsitsa m'madzi ali m'bwato kufikira itazimirira m'maso. Mu 1968 mbaleyo inali kuoneka kufikira mapazi 102. Mu 2021 inazimirira pa mapazi 61 okha.

Nanga cidetsa madziwo n'ciani? Zinthu ziwiri. Coyamba ndilo fumbi losalala kopambana ufa, limene silimira msanga koma lingoyandama m'madzi. M'nyengo yozizira kumagwa cipale cofewa m'mapiri amenewo, ndipo anchito a mseu amawaza mcenga kuti magalimoto asaterereke. Matayala apera mcengawo, ndipo cipale cikasungunuka madzi atenga fumbilo kumka nalo kunyanja. Akatswiri anapeza kuti mwa fumbi lonse lotere lolowa m'nyanjamo, magawo 7 mwa magawo 10 acokera m'miseu ndi m'malo omangidwa nyumba. Caciwiri ndizo ndere. Mu utsi wa galimoto muli nayitrojeni, ndipo akagwera pamadzi adyetsa ndere monga momwe fetereza adyetsera cimanga. Tsono kumbukirani kuti mitsinje 63 ithira m'nyanjayi, koma woturuka ndi umodzi wokha, wa Truckee. Cifukwa cace madzi olowa lero akhoza kukhalamo zaka zoposa 600. Madzi akatayika saoleka, ndipo litsiro likalowa mu Tahoe mdzukulu wa mdzukulu adzalipeza momwemo.

Poona ici, California ndi Nevada anapangana mu 1969 kukhazika bungwe limodzi lochedwa Tahoe Regional Planning Agency, lakuyang'anira zomanga zonse m'cigwa ca nyanjayo. Malire a bungweli atsata zitunda za mapiri ozinga nyanja, ndiye kuti malo amene mvula ikagwa madzi ace atsikira ku Tahoe. M'kati mwa mzere umenewo malamulo ndi olimba zedi. Munthu saloledwa kuphimba nthaka yace yonse ndi denga kapena simenti, ndipo madzi a m'zimbudzi amawapopera m'mipope kuwaolotsa mapiri kuti asakhudze nyanja konse. Kunja kwa mzerewo bungweli liribe mphamvu. Olamulira ndi a boma la m'dera. Sungani mau amenewa, pakuti mlandu wonse wagona pomwepa.

Kumpoto kwa nyanja, kuseri kwa citunda, kuli dambo ndi nkhalango za Martis Valley, m'boma la Placer, limene likulu lace liri ku Auburn. Kampani yoceka matabwa ya Sierra Pacific Industries inali ndi malo akulu kumeneko, mbali zonse ziwiri za mseu wa nambala 267, wocokera ku tauni ya Truckee kumka ku Kings Beach m'mphepete mwa nyanja. Kampaniyi, pamodzi ndi omanga a Mountainside Partners, inadza ndi mau akuti asinthane ndi boma. Kum'mawa kwa mseu inali ndi malo amene malamulo analola kale kumangapo nyumba 1,360. Inati idzaleka kumanga kumeneko, ndipo maekala oposa 6,000 adzasungidwa nkhalango. M'malo mwace ailole kumanga nyumba 760 ndi masitolo kumadzulo kwa mseu, pa citunda coyang'ana kunyanja. Pempho limeneli silinali lacabe. Nyumba zinacepa ndi 600, ndipo nkhalango yaikulu ikadapulumuka. Pa mapulani oyamba nyumba zina zinali m'kati mwa cigwa ca nyanja. Pambuyo pace omangawo anazicotsa m'menemo, nyumba zonse 760 zinaikidwa kunja kwa mzere uja. Potero mudzi wonse unakhala m'manja mwa boma la Placer lokha.

Tsopano tione njira imene pempho lotere liyendamo ku California. Kuli lamulo la 1970, limene analisaina Ronald Reagan pamene anali bwanamkubwa wa cigawoco. Lamuloli likuti boma lisanalole nchito yaikulu yomanga, lilembetse lipoti lofotokoza zonse zimene nchitoyo idzacita pa nthaka, madzi, mpweya, nyama ndi miseu, ndiponso njira zocepetsera zoipa zace. Lipotilo aliika poyera, ndipo munthu aliyense, wolemera kapena wosauka, akhoza kulemba kalata yotsutsa kapena yofunsa. Boma liyenera kuyankha makalatawo m'lipoti lotsiriza. Zitatha izi nkhani ifika ku mabwalo awiri. Loyamba ndi Planning Commission, la anthu 7 oikidwa kuti aziunika mapulani. Pa nkhani yaikulu cotere iwo angopereka uphungu. Laciwiri ndi Board of Supervisors, la anthu 5 osankhidwa ndi mavoti, ndiwo ogamula. Pa misonkhano ya mabwalo onse awiri anthu wamba amapatsidwa nthawi yoimirira ndi kunena zakukhosi.

Otsutsa anachula zinthu zitatu. Coyamba, mseu wa 267 ndi wopapatiza, wa mizere iwiri yokha, ndipo umadzaza kale m'nyengo za alendo. Caciwiri, mudziwo ukadakhala pakati pa nkhalango ya mitengo ya paini imene imapsa koopsa m'cilimwe. Tsono moto ukabuka, mabanja onsewo adzathawira kuti, popeza khomo lao lalikulu lituruka mu mseu womwewo? Cacitatu, iwo anati munthu wogula nyumba pa citunda cimeneco waigula cifukwa ca nyanja. M'mawa uliwonse adzakwera galimoto kutsikira kugombe, ndipo fumbi ndi utsi wace zidzafika kumadzi ngakhale nyumba yace iri kuseri kwa mzere. Omanga anayankha kuti mvula yogwa pa madenga ao idzatsikira ku Martis Valley osati kunyanja, ndi kuti iwo atsata malamulo onse a malo amene aimapo.

Mu Julaye 2016 a Planning Commission anavota: 5 anati pempholi likanidwe, 2 anati liloledwe. Mu Sepitembala ofesi ya mkulu wa zamalamulo ku California, amene panthawiyo anali Kamala Harris, inalembera boma la Placer kalata yocenjeza kuti lipoti lija silinaunike bwino zimene magalimoto adzacita ku nyanja. Koma a Board of Supervisors sanatsate uphunguwo. Anavota 4 kwa mmodzi kulola mudziwo. Mmodzi wokanayo anali Jennifer Montgomery, ndiye amene anali kuimira anthu a mbali ya kunyanja. Apa pali cinthu coyenera kuciona: dera la Placer ndi lalitali, liyambira pafupi ndi mzinda wa Sacramento kucigwa ndi kukwera mapiri kufikira ku Tahoe, ndipo ovomerezawo anali oimira madera a kutali ndi gombe. Kawiri-kawiri wogamula mlandu wa nyanja sindiye amene adzamwa madzi ace.

Mabungwe atatu, League to Save Lake Tahoe, Mountain Area Preservation ndi Sierra Watch, anasuma ku bwalo la milandu. Mu 2018 woweruza woyamba anagwirizana nao pa cinthu cimodzi, ca njira yothawira moto, nakana zina zonse. Mbali zonse ziwiri zinacita apilo. Mlandu uli cigonere, mu Ogasiti 2021 moto waukulu wochedwa Caldor unafika m'cigwa ca Tahoe kumbali ya kumwera, ndipo anthu pafupi-fupi 22,000 a m'tauni ya South Lake Tahoe anauzidwa kuti acoke. Magalimoto anathithikana pamseu kwa maora. Ambiri anayesa kuti nkhani ya moto ndiyo idzagwetsa cilolezo.

Sizinatero ai. Mu Febuluwale 2022 bwalo la apilo la ku Sacramento linatembenuza mau a woweruza woyamba pa za moto, linati pamenepo lipoti linakwanira monga mwa lamulo. Pamene linapeza colakwa panali pa nyanja. Oweruza anati lipoti silinafotokoze mokwanira m'mene madzi a Tahoe analiri, ndipo silinayese m'mene magalimoto a m'mudzi watsopano adzawadetsera. Anapezanso kuti lonjezo la omanga lakucepetsa utsi wotenthetsa dziko linatsamira pa miyeso imene inali isanakhazikidwe, ndiye kuti linali lonjezo losagwirika. Cifukwa ca zimenezi cilolezo ca 2016 sicinathenso kuima.

Abale anga, timve bwino cimene bwalo linanena ndi cimene silinanene. Silinati nyumbazo ndi zoipa, kapena kuti pa citundaco pasadzamangidwe kanthu mpaka kale-kale. Lamulo la ku California limalola boma kuvomereza nchito ngakhale iri ndi zoipa zina, ngati laziona zoipazo, nkuzinena poyera, ndi kufotokoza cifukwa cace phindu liposa. Colakwa ca boma la Placer cinali cakuti linagamula lisanawerengere mtengo wonse. Linayang'ana pa mapu, linaona kuti nyumba ziri kunja kwa mzere, ndipo linaipeputsa nkhani ya madzi a nyanja. Koma mzere wa pa mapu udziwika ndi alembi a m'maofesi okha. Galimoto siima pa mzerewo, mphepo siima, fumbi siliima. Makolo anati walira mvula walira matope: wolola nyumba walolanso miseu, magalimoto ndi utsi wace, kulikonse kumene zidzafika.

Taonaninso m'mene zinathandizira kuti anthu analankhula pa nthawi yace. Ku California munthu sangathe kusuma pa mfundo imene sinachulidwe pamaso pa boma nkhani iri kuunikidwa. Makalata aja amene anthu analemba, ndi mau amene ananena ataimirira pa misonkhano mu 2016, anaoneka ngati apita pacabe tsiku lija a Board of Supervisors anavota 4 kwa mmodzi. Koma analembedwa m'mabuku, ndipo patapita zaka zoposa 5 ndiwo amene oweruza anawerenga. Akadakhala cete kudikira kuti mathirakitala ayambe kugwetsa mitengo, kudandaula kwao kukadakhala kulira maliro.

Omanga naonso anataya zambiri. Anataya zaka ndi ndalama, ndipo kusinthana kuja, kumene kukadasunga maekala oposa 6,000 a nkhalango, kunaima pamodzi ndi cilolezoco. Lipoti likadayankha funso la nyanja pa ciyambi, kapena nyumba zikadacepetsedwa, kapena pakadapezeka njira yotengera anthu kugombe pa mabasi, mwina nkhani ikadatha m'bwalo la boma osafika kwa oweruza. Kufulumira kudula mlandu kunaononga onse awiri, womanga ndi wololeza.

Ife kuno tiri nalo lamulo lofanana nalo. Lamulo la 2011 losamala cilengedwe, limene linakhazika bungwe la ZEMA, lifuna lipoti lotere pa nchito zazikulu zomanga, ndipo bungwelo limalengeza kuti anthu apereke maganizo ao lisanagamule. Tsono inu a ku Siavonga, a ku Samfya ndi a ku Mpulungu, mukamva kuti padzamangidwa nyumba zambiri pafupi ndi madzi anu, musafunse za malire a malowo okha. Funsani kumene madzi a m'zimbudzi adzapita, kumene mvula ya pa madenga idzatsikira, mseu umene magalimoto adzayendamo, ndi njira imene asodzi ndi amai otunga madzi adzafikira kugombe. Funsani nthawi ikalipo, ndipo onetsetsani kuti mlembi walemba mau anu.