Zimene ndinayankhula ku Silver Spring: ana athu ndi zithunzi za AI

 

Inetu ndine namwino. Zandale ndimasiyira akuluakulu inu, koma lero mundilole ndilowerereko, poti nkhani yake ndi ya malamulo.

Mu 2025 mayi wina wa kwathu, wokhala konkuno ku Maryland, anandiimbira foni usiku. Wandilola kuti ndinene, bola dzina ayi. Mwana wake wamkazi wa zaka 14 anasiya kudya, kusukulu akukana. Kufufuza, anyamata ena anatenga chithunzi chake cha kutchalitchi pa Instagram, n'kuchilowetsa mu pulogalamu ya AI, chinatuluka ngati mwanayo ali mbulanda. Mayi uja anayamba ndi kumukalipira mwanayo, ati wachititsa manyazi banja. Kenaka anatumiza chithunzicho kwa alamu ake awiri pa WhatsApp kuti aone okha. Abale, apa ndi pamene ndikufuna timvane.

Mwanayo sanavule. Sanalakwe kalikonse. Koma chithunzi chotere, ngakhale chopangidwa pa kompyuta, ngati nkhope ndi ya mwana weniweni, kuchisunga kapena kuchitumiza ndi mlandu kuno ku America. Zoti "ndimangoonetsa achibale" sizingakupulumutseni. Ndipo makhoti sakusewera. Mu 2023 David Tatum, dotolo wa ana wa ku Charlotte, analamulidwa kukhala m'ndende zaka 40, ndipo ina mwa milandu yake inali yosintha zithunzi za ana ndi AI.

Vutoli likukula ngati moto wolusa. Bungwe la NCMEC, lomwe lili pompa ku Alexandria, linalandira madandaulo 4,700 okhudza AI mu 2023. Mu 2024 anafika 67,000. Pa 19 May 2025 Pulezidenti Trump anasaina lamulo la Take It Down Act, lomwe anabweretsa Ted Cruz ndi Amy Klobuchar, wina Republican wina Democrat. Makampani a intaneti anapatsidwa mpaka May 2026 kukonza njira yochotsera chithunzi pasanathe maola 48 munthu akadandaula. Amene anathandiza kukankha lamuloli ndi Elliston Berry wa ku Texas, yemwe zinamuchitikira ali ndi zaka 14. Mayi ake sanamubise, anaima naye.

Nanga kwathu? Mafoni akumudzi ambiri timatumiza ndife. Adzukulu athu ku Ndirande ndi ku Area 25 ali pa Facebook pomwepa, ndipo mapulogalamuwa safunsa pasipoti. Malamulo alipo ndithu: la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limaletsa zithunzi zolaula za ana, ndipo mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Koma la 2016 lija linalembedwa mapulogalamuwa asanafale. Inu amene mumaimbirana ndi aphungu, mmalo mongokangana za zipani, afunseni kuti lamulo litchule AI mosapsatira, komanso liike nthawi yochotsera zithunzi ngati kuno.

Ndikupempha zitatu basi. Chithunzi chotere chikakupezani, musatumize kwa wina aliyense, ngakhale abusa. Lembani pamene mwachiona, kanenani kupolisi kapena ku CyberTipline ya NCMEC. Kumudzi imbani 116, kapena pitani ku Victim Support Unit. Chachiwiri, zoti nkhani ithere pakhomo tisiye. Anamwino ngati ine lamulo la Maryland limatikakamiza kunena tikakayikira kuti mwana wachitidwa nkhanza, ndiye musandikwiyire. Chachitatu, mukhulupirireni mwana. Mtsikana uja anayambanso kudya tsiku limene mayi ake anamupepesa.

Mwana wa mnzako ngwako yemwe.