Masiku a Kudikira



Tsiku lina Misa itatha, anthu atabalalika, mai ena anatsalira pa benchi lakumbuyo. Nditawayandikira anati: "Abambo, andijambula bere kuchipatala. Akuti aonamo kanthu kokayikitsa, ndiye ndipitenso sabata yamawa akatapeko kamnofu. Chimvereni zimenezi nsima sikulowa, tulo sitikubwera. Ndikayang'ana ana anga ndikungoona amasiye." Lero ndifuna kulankhula ndi mai amenewo, ndi onse amene ali pa ulendo womwewo, pamodzi ndi amuna ao ndi akatekisti amene amawayendera.

Mai wanga, yambani mwamva ichi: chithunzi si chigamulo. Makina ojambulira bere, kaya ndi mammogram kaya ndi sikani, amangoonetsa mthunzi wa zimene zili m'kati. Munthu woyenda usiku akaona chakuda m'njira sadziwa ngati ndi njoka kapena chingwe kufikira atawunika. Madokotala ambiri amaika zimene aona m'magulu, kuyambira 0 mpaka 6. Gulu la 4 ndilo amalitcha lokayikitsa, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti maso okha sangathe kuweruza. Zotupa zambiri za m'bere si khansa ai. Zina ndi timatumba ta madzi, zina ndi timibulu ta mnofu wabwinobwino timene timapezeka kawirikawiri mwa amai achitsikana. M'maiko m'mene amai amapimidwa nthawi ndi nthawi, mwa amai 10 otapidwa kamnofu, pafupifupi 8 amapezeka kuti alibe khansa.

Nanga kutapa kamnofu kumene akutcha biopsy n'kotani? Kawirikawiri si opaleshoni yaikulu. Amabaya jakisoni wochititsa dzanzi pamalopo, nalowetsa singano yotengera tizidutswa tochepa, ndipo munthu amabwerera kwao tsiku lomwelo. Tizidutswato amatitumiza kwa katswiri amene amatiyang'ana pa makina okulitsa tinthu tosaoneka ndi maso. Ntchito imeneyi imatenga masiku, mwinanso masabata. Choncho yankho likachedwa musaganize kuti akubisirani zoopsa. Pali mphekesera yakuti singano ikakhudza chotupa matenda amabalalika thupi lonse. Musaikhulupirire. Chimene chimapatsa khansa mpata si singano, koma kuchedwa. Amai ambiri athu amafika kuchipatala matenda atakula kale, chifukwa mantha anawabweza panjira, nataya miyezi akuyendayenda kufuna mankhwala kwina. Tsiku limene akupatsani, pitani.

Tsopano za mtima. Ena amadziimba mlandu nati: "Ndikadakhala ndi chikhulupiriro, sindikadachita mantha." Iai, mai wanga. Kumbukirani Ambuye Yezu m'munda wa Getsemani. Iwo anagwidwa ndi nkhawa yaikulu, ndipo sanaibise. Anatenga Petro, Yakobe ndi Yohane kuti akhale nao maso usiku umenewo. Ngati Mwana wa Mulungu anafuna anzake pa ora la mantha, inu mukhaliranji nokha ndi katundu wanu? Mutu umodzi susenza denga. Sankhani munthu mmodzi kapena awiri osunga chinsinsi, muwauze zonse.

Kumbukiraninso Loweruka Loyera, tsiku lija la pakati pa mtanda ndi kuuka kwa akufa. Panalibe chozizwitsa tsiku limenelo, panalibe yankho. Mai Maria anangodikira. Masiku anu ano ndi Loweruka lotero, ndipo Mulungu sayamba kukhala nanu zotsatira zikatuluka. Ali nanu kale m'kudikiramo. Musadzilirire maliro muli moyo. Dzukani, sesani pakhomo, pitani kumunda kapena kuntchito, idyani ngakhale pang'ono. Tulo tikathawa, gwirani korona m'malo mowerenga nkhani zoopsa pa lamya usiku wonse. Mafunso amene akukuvutani alembeni papepala mukafunse dokotala: Zotsatira zidzatuluka liti? Adzandiuza ndani? Ndikapanda kumva kanthu, ndidzafunse kuti? Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Inu abambo apanyumba, ino si nthawi yokhala chete ngati mlendo. Perekezani akazi anu kuchipatala, konzani ndalama ya ulendo, senzani ntchito zina zapakhomo. Mkazi amene akuopa za bere lake amaopanso kuti mwamuna wake adzamuona bwanji. Muuzeni ndi pakamwa panu kuti malonjezo amene mudapanga paguwa akadalipo.

Inu akatekisti ndi akristu a m'miphakati, mukapita kukacheza musatenge nkhani za uje ndi uje amene adamwalira ndi matenda omwewo. Musalonjezenso kuti palibe kanthu, pakuti inu simudziwa. Musanene kuti ndi chilango kapena kuti wina wawalodza. Khalani pansi, mverani, pempherani nao, ndipo dzina lao musalitchule pagulu iwo asanalole.

Wina afunsa: nanga ikapezeka kuti ndi khansa? Sindikunamizani, zimachitika. Koma khansa ya m'mabere ikapezeka msanga imachizika nthawi zambiri, ndipo kamnofu komweko ndiko kamauza madokotala chithandizo choyenera. Mdani wodziwika dzina amalimbanika kuposa wobisala mumdima.

Eklezia ali ndi nkhoswe ya amai otere, Agata Woyera wa ku Catania m'chilumba cha Sicily, amene anazunzidwa podulidwa mabere chifukwa cha Kristu, nafa cha m'ma 251. Timamukumbukira pa 5 Febuluwale. Iyeyo akudziwa zimene mukuopa.

Tipemphere. Ambuye Yezu, amene mudalawa mantha m'munda muja, khalani pafupi ndi amai onse amene akudikira yankho lakuchipatala. Apatseni tulo usiku uno ndi mphamvu yopita pa tsiku lao. Dalitsani manja ndi maso a madokotala ndi anamwino. Ife mutiphunzitse kukhala maso pamodzi nao. Agata Woyera, mutipempherere. Amen.