Joyce Mhango Chavula ndi kanema wa kwathu kuno

Ine ndine mtolankhani wamba, ndipo lero ndifuna tikambirane za mayi mmodzi wa zisudzo, Joyce Mhango Chavula.

Ena mwa inu mudakhalako ku Lusaka, Harare kapena London nthawi ya chipani chimodzi, ndipo wailesi ya kanema mudaionera kale kumeneko. Kuno TVM idayamba m'chaka cha 1999. M'masiku a Kamuzu sewero linkayamba lavomerezedwa ndi Censorship Board, bungwe lomwe lidabwera ndi lamulo la 1968. Choncho wa luso la zisudzo njira yake inali pa nsanja kapena pa wailesi ya MBC basi.

Mai Chavula adayamba zisudzo ali ku sekondale, m'mipikisano ya ATEM. Pambuyo pake adalowa gulu la Wanna Do la malemu Gertrude Kamkwatira, amene adatisiya m'chaka cha 2006. Mu 2009 adasiya ntchito yolandira pa mwezi nayambitsa gulu lawolawo, Rising Choreos. Nonse mukudziwa zimene a pabanja amanena mwana wamkazi akataya ntchito chifukwa cha masewero.

Mu 2013 adatulutsa kanema wawo woyamba, No More Tears, yemwe adajambulidwa muno mu Lilongwe ndi ku Salima. Ndi nkhani ya mtsikana amene mai ake amwalira ndi Edzi, iye nkumasamala bambo ake. Bambowo atatsikira kuli chete, abale awo akubwera kudzalanda katundu. Kodi nkhani imeneyi ndi yachilendo kwa Chinsapo kapena kwa Mgona? Ndani pano sadaonepo mipando ndi mabedi zikukwezedwa pa lole maliro ali chongoikidwa, ana akuyang'ana?

Mu 2016, ku Lagos m'dziko la Nigeria, kanema wawo wotchedwa Lilongwe adapambana mphoto ya Africa Magic Viewers' Choice Awards ngati kanema woposa onse wa kumwera kwa Africa. Tidaomba m'manja, tidanyadira.

Koma tiyeni tidzifunse. Mwana wa ku Kawale kapena ku Area 25 amatchula maina a ochita zisudzo a ku Nigeria osaphonya, koma wa kwawo samudziwa. Kanema wa Chimalawi akatuluka, timadikira mnzathu atikopere ulere. Nanga wojambula, woyendetsa galimoto ndi mtsikana amene adaloweza mau usiku wonse adya chiyani?

Pa 14 June 1993 Amalawi adavotera ufulu woyankhula zakukhosi. Mai Chavula ufuluwo adaugwiritsa ntchito poulula zimene zimachitika m'nyumba zathu. Koma kanema amalira ndalama, ndipo tikapanda kulipira, nkhani ngati zimenezi zidzasowa wozijambula ngakhale palibe woziletsa.

Pempho langa ndi lochepa. Mukamva kuti kukuonetsedwa sewero kapena kanema wa kuno, pitani, lipirani pakhomo. Ndipo mwana wanu wamkazi akati akufuna zisudzo, yambani mwakaonera sewero lake musanamukalipire.