Kuulula juga si miseche

Amene simunabwere Loweruka, nazi zomwe ndinayankhula.

Chaka chatha mayi anga anandituma ku Kachulu ndi K20,000 yokapikula matemba. Ndikudikira mabwato ochokera ku Chisi, ndinaika ndalamayo mu foni n'kuyamba kusewera kandege. Mabwato asanakocheze, yonse inali itapita. Kunyumba ndinanama kuti andibera. Anzanga awiri anaona zonse koma anangoti zii, ati iwo si akazitape. Ndinapitiriza kubetcha miyezi ina itatu, mpaka malume atandigwira.

Kwa ife Asilamu nkhaniyi ilibe mtsutso. Qur'an imatcha juga kuti maisir, ndipo mu Surah Al-Maidah, ndime 90 ndi 91, imaiika pamodzi ndi mowa, n'kuchenjeza kuti imadzetsa udani ndi kuiwalitsa munthu swala. Kaya ndi makadi pansi pa mtengo, kaya ndi pa foni, ndi haramu basi. Lamulo la dziko la mu 2022 limalola kubetcha kumakampani okhala ndi laisensi, koma limaletsa aliyense wosakwana zaka 18. Pamenepa Msilamu ndi Mkhristu tonse tili ndi poimira.

Ndiye ukaona, ukanene kuti?

Ngati ndi mnzako, yamba ndi iyeyo, awiriwiri. Osajambula foni yake n'kuponya pa gulupu ya WhatsApp. Chipembedzo chathu chimatiphunzitsa kubisa manyazi a m'bale pomulangiza. Akakana kumva, pita naye kwa shehe, kwa abusa kapena kwa malume ake.

Ngati ndi mwana wa sukulu amene akubetcha, imba 116. Ndi nambala yaulere yothandiza ana, ndipo a YONECO a konkuno ku Zomba ndi amene amayankha.

Ngati ndi munthu wamkulu amene akubetchetsa ana, kapena malo opanda laisensi, lemba tsiku, nthawi ndi malo. Ukauze amfumu kapena apolisi, komanso bungwe la MAGLA lomwe limayang'anira juga m'dziko muno. Nena zomwe waona ndi maso, osati zongomva.

Nyanja yathuyi inaphwa mu 1995, inaphwanso mu 2018. Makolo athu amadziwa kuti ndalama ya matemba siyochezera. Nyanja ikatsekedwa anyamata timangokhala, foni ili m'manja, ndipo ndi nthawi imene kandege kamatidya kwambiri.

Ine ndikanakonda anzanga aja akanandinenera tsiku lomwelo. Ndikanakwiya sabata imodzi, koma ndalama za mayi zikanapulumuka zambiri.