Chikwanje chiti pa ntchito iti?

Amayi ndi abambo, lero tikambirana za zida zodulira mitengo. Ambiri a ife pakhomo tili ndi chikwanje chimodzi, ndipo chomwecho n'chimene chimawaza nkhuni, kusadza gilisidiya, kugwetsa nthochi, mwinanso kuphwanya mafupa a mbuzi pa Khirisimasi. Vuto lake timaliona pa chitsa. Mtengo wodulidwa bwino umaphukanso, koma wophwanyidwa umalowa madzi, chiswe n'kuumaliza.

Tiyambe ndi chikwanje cha m'sitolo, chija chachitali masentimita 40 kapena 45, chotambalala kunsonga. Chitsulo chake n'chopyapyala ndipo kulemera kwake kuli kutsogolo, choncho chimapita chokha ukachiponya. Pa tchire, mapesi a chimanga, mitengo ya nandolo, thunthu la nthochi ndi nthambi zanthete, palibe chochiposa. Koma pa bulugamu wouma chimanjanja, chimapindika mano, ndipo dzanja limachita dzanzi.

Chija chosula amisiri a pamsika kuchokera ku masipuling'i a galimoto n'chachifupi, chochindikala komanso cholemera. Chimalowa mu mtengo wolimba ndipo sichibuntha msanga. Anyamata amachikonda chifukwa chimaoneka champhamvu. Ine pa nkhuni ndi milimo yomangira khola ndimachivomereza, koma pa mphukira ayi. Kuchindikala kwake kumang'amba kamtengo m'malo modula. Pogula, chigogodeni ndi chitsulo china. Chikalira mogonthera, mwina chili ndi mng'alu. Yang'ananinso ngati chitsulo chalowa mpaka kumapeto kwa chogwirira ndipo misomali yake yagwira, chifukwa chikwanje chosolola m'chigwiriro chimavulaza mnzako amene ali patsogolo.

Tsono pa gilisidiya ndi pamene ndikufuna tichedwepo. Amene munabzala mitengoyi m'munda wa chimanga mukudziwa kuti phindu lake ndi masamba amene timakwirira m'nthaka, ndipo masambawo amachokera ku mphukira za pa chitsa. Langizo lochokera ku kafukufuku wa ku Makoka, ku Zomba, ndi lakuti tizidula pa msinkhu wa masentimita 30 kuchokera pansi, pafupifupi kutalika kwa lula ya mwana wa sukulu. Dulani mopendeketsa kuti madzi a mvula azitsetsereka, ndipo kuno ku Mulanje mvula sitiipempha. Ponyani chikwanje kuchokera m'munsi kupita m'mwamba, kamodzi kapena kawiri basi. Mukatema kuchokera pamwamba, kulemera kwa nthambi kumang'amba khungwa mpaka pansi. Amene mumalima tiyi mukudziwa kale zimenezi, chifukwa mpeni wokhota wodulira tiyi umagwira ntchito mokoka chokweza ndipo umasiya bala losalala. Ngati muli nawo, ndi wabwino pa nthambi zing'onozing'ono kuposa zikwanje zonse ziwirizi.

N'chimodzimodzi posamalira mphukira za mitengo yachilengedwe pa zitsa za m'munda. Siyani zolimba ziwiri kapena zitatu, zinazo muchotse ndi chida chopepuka chakuthwa. Nsungwi nazo dulani pamwamba penipeni pa mfundo, kuti chotsalacho chisakhale ngati chikho chosunga madzi.

Mtengo ukaposa kukula kwa mkono wa munthu wamkulu, ikani chikwanje pansi, tengani nkhwangwa kapena sowo. Nthambi yaikulu ya mango yambani mwaitema pang'ono kunsi, kenako mumalize pamwamba.

Za kunola. Chikwanje chobuntha ndicho chimatema miyendo, poti chimadumpha pa mtengo ndipo mwini wake amawonjezera mphamvu. Nolani ndi tupa mokankhira kutsogolo, mbali zonse ziwiri mofanana, n'kumalizira pa mwala wothira madzi. Pafupi ndi chogwirira siyani posanola, malo okwana zala zinayi. Cha pa mtengo wolimba musachinole mopyapyala ngati lumo, chibenthuka. Mukaweruka chipukuteni, muchipake mafuta pang'ono kuopa dzimbiri, ndipo muchiike pamene ana sangafikire. Potema, mwendo usakhale pa njira imene chikwanje chikupita, ndipo mnzanu atalikire mikono itatu.

Zonsezi tikunena za mitengo ya m'minda mwathu ndi m'nkhalango za m'midzi, motsata malamulo amene tinagwirizana ndi mafumu. M'nkhalango yotetezedwa ya phiri la Mulanje simulowa chikwanje popanda chilolezo cha a zankhalango, ndipo mkungudza, mtengo wa fuko lathu, kudula n'koletsedwa. Tonse tinaona mu Malichi 2023 mmene madzi, matope ndi miyala za namondwe wa Freddy zinatsikira m'mapiri.

Tsopano tigawane m'magulu atatu. Gulu lililonse lidule mitengo isanu ya gilisidiya ndi chida chake, timange kansalu kosiyana mtundu pa chitsa chilichonse. Pakatha masabata anayi tidzawerenga mphukira ndi kuona zitsa zimene zayamba kuola. Mlembi wa gulu asunge kaundula.