Phokoso la Usiku M'mizinda Yathu

Pakagwa maliro timaika masamba pamsewu. Wanjinga amatsika, wagalimoto amachepetsa liwiro, ndipo mawailesi a m'nyumba zoyandikana amazimitsidwa popanda wolamula. Kukhala chete tsono timakudziwa. Chodabwitsa n'chakuti ulemu umenewu timasungira akufa okha.

Tapitani ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi Lachisanu usiku. Kuno ogulitsa mowa atulutsa zokuzira mawu panja, uko a mapemphero a usiku wonse aloza zawo kumakomo a anthu, kufikira tambala atalira. Pakati pawo pali mayi wakhanda, nkhalamba yodwala, ndi mwana wa Fomu 4 amene akukonzekera mayeso. M'chaka cha 2009 bungwe la WHO, polangiza maiko a ku Ulaya, linati phokoso la usiku panja pa nyumba lisapitirire madesibelo 40, muyeso wochepera kucheza wamba kwa anthu awiri.

Ovuta kuwadandaulira ndi opemphera, pakuti wodandaulayo amasanduka mdani wa Mulungu. Komatu ali m'kachisimo amawamva bwino abusa awo popanda makinawo. Chokuzira mawu chili padengacho anaikira ife amene tagona.