Za Mitengo ya ku Cembe: Mau Onenedwa pa Msonkhano wa ku Cimbiya

Mwandipempha kuti ndinene za malo a ku nyanja kumene alendo amka kukapumula, ndiko ku Cembe, kumene Azungu akucha Cape Maclear. Munthu wocokera kuno ku mapiri adzera ku Dedza, natsikira ku Golomoti, nalowa njira ya ku Monkey Bay. Ndipo thukuta limuuza kuti wasiya kwao.

Dzina lija analicha Dr. Livingstone m'caka ca 1861, pokumbukira bwenzi lace Thomas Maclear, wodziwa za nyenyezi. M'caka ca 1875 anafika a Mishoni ya Livingstonia pa sitima ya Ilala, Bambo Young ndi Dr. Laws, namanga pamenepo. Koma malungo anawasautsa kwakukuru. Dr. Black anamwalira m'caka ca 1877, ndipo manda ace alipo kufikira lero. M'zaka zonsezo anabatiza munthu mmodzi yekha, ndiye Albert Namalambe. Tsono m'caka ca 1881 anasamukira ku Bandawe. Za ndege za BOAC zotera pamadzi, zimene zinatsitsa alendo pamenepo m'zaka za 1949 ndi 1950, sinditaya nazo nthawi, pakuti sizinakhalitsa.

Tsopano ndinene za mitengo. Mlendo ali yense ayamba kuzizwa ndi milambe, imene sitiiona kwathu kozizira kuno, ngakhale ana athu adziwa kukoma kwa malambe. Ina ya iyo inali yaikuru kale pofika Ilala. Koma tisaiyamike mopitirira, abale. Mlambe wakhalitsa cifukwa thunthu lace liri lofewa ndi lodzala madzi. Siucita nkhuni, siucita mzati, kotero nkhwangwa iulambalala. Imene iri m'tsoka ndiyo mitengo ya m'mapiri a pamwamba pa mudzi, miombo ndi inzace, yomwe ija tiidziwa m'nkhalango yathu ya Congoni.

M'caka ca 1980 Boma linapatula mapiriwo, ndi zisumbu monga Domwe ndi Thumbi, ndi madzi a m'mbali mwace, kuti zikhale Lake Malawi National Park. Ndipo m'caka ca 1984 a UNESCO anawerengera malowo pakati pa cuma ca dziko lonse lapansi. Cimene anafuna kusunga makamaka ndico tinsomba ta mawanga tochedwa mbuna. Kapena wina adzafunsa, Nanga nsomba iri nayo ciani mitengo? Imvani. Mbuna zidya ndere za pa miyala ya pansi pa madzi. Phiri likakhala dazi, mvula ikokolola dothi, nilitsikira m'nyanja, nilikwirira miyala ija, ndipo nsomba zisowa podyera.

Komatu mudzi wa Cembe unatsala pakati pa malo opatulidwawo, ndipo anthu ace ayenera kuphika. Amai aloledwa kutola nkhuni zouma atatenga cilolezo. Koma nkhuni zouma sizicuruka monga acurukira anthu, ndipo asodzi afunanso moto wa kuwambira nsomba. Ine sindiwatsutsa iai. Nsomba zowamba zimene tigula pa msika wathu uno, kodi tiyesa kuti zinawambidwa ndi dzuwa? Ifenso a ku mapiri tidyako mitengo ya ku nyanja, tiri pa mkute wathu.

Cifukwa cace ndipempha, Bambo wa pa Mpando, kuti pa msonkhano ukudzawo tiitane mkuru wa za nkhalango wa ku Dedza, adzatiuze mbeu za mitengo ya nkhuni imene ikula msanga, ndi mwezi woyenera kufesa.